Phunziro: Mlendo wabwera kudzaphunzitsa, osati kudzaonetsedwa

Achinyamata anzanga, phunziro la ulendo uno ndiliyamba ndi kulakwitsa kwanga.

Nthawi ina tinkaphunzitsa achinyamata ofuna kukhala alangizi m'makalabu. Tinaitana agogo ena amene akulera mdzukulu wobadwa ndi kachilombo ka HIV. Pandondomeko tinawapatsa mphindi zisanu zokha kumapeto, pamutu wakuti "umboni". Tsiku lonse anangokhala kumbuyo, ife tili kalikiliki kulemba pabolodi kuti ma ARV amamwedwa tsiku lililonse panthawi yake. Nthawi yawo itakwana anaimirira n'kunena kuti, "Ana anga, zimene mwalembazo n'zoona. Koma mwana akakufunsa kuti, 'Agogo, bwanji mankhwalawa ndimamwa ndekha, anzanga samwa?' umamuyankha chiyani?"

Tonse zii! Ine ndemwe, ndi mabuku anga onse aja, yankho ndinalibe. Agogowo anatifotokozera m'mene anamuuzira mwanayo pang'onopang'ono, mogwirizana ndi anamwino, malinga ndi msinkhu wake. Mphindi zisanu zija zinafika ola, ndipo palibe anadandaula za nkhomaliro.

Nkhani yakuti eni ake azikhala nawo pophunzitsa si yachilendo. Mu 1983, anthu omwe ankadwala Edzi anakumana ku Denver, ku America, n'kukana kumangoonedwa ngati ovutika oyembekezera chifundo. Mu 1994, mayiko 42 anagwirizana ku Paris kuti anthu amene ali ndi kachilombo azitenga mbali pa ntchito zonse zolimbana ndi Edzi. Mfundoyi imadziwika kuti GIPA. Kuno kwathu bungwe la NAPHAM, la anthu omwe ali ndi kachilombo, linayamba mu 1993.

Ku England anapita nazo patali. Pamene digiri ya ogwira ntchito yosamalira anthu inkayamba mu 2003, sukulu zinalamulidwa kuti anthu olandira chithandizo komanso owasamalira azikhalapo posankha ophunzira, pophunzitsa ndi powayesa. Tangoganizani: munthu amene udzamuthandize mawa ndi yemwe akuona lero ngati ntchitoyo ungaithe.

Nanga ife kukalabu titani? Mukafuna kuitana munthu wotere, pitani kwa iye musanalembe ndondomeko, mum'funse chimene akuona kuti achinyamata sakuchidziwa. Asankhe yekha zoti anene ndi zoti asanene. Funso lija lakuti "munakatenga bwanji?" lisamveke n'komwe, siliphunzitsa kanthu, limangokhutitsa chidwi chathu. Musam'jambule popanda chilolezo, ndipo zimene wanena zisakapezeke pa WhatsApp.

Kwa osamalira anzawo pali china chofunika kusamala. Agogo aja polankhula ankaulula za munthu wina, mwana yemwe panalibe. Ife sitinaganizireko zimenezo, tinangochita mwayi kuti ankachokera kutali ndipo dzina la mwanayo sanalitchule. Kambiranani zimenezi tsikulo lisanafike.

Za ndalama tisachite nazo manyazi. Mphunzitsi wochokera kutauni timam'bwezera yoyendera osatsutsa. Agogo amene asiya munda ndi mwana kunyumba nawonso alandire chimodzimodzi.

Zochita sabata ino: khalani m'magulu a anthu anayi, mutenge ndondomeko ya maphunziro omwe munachita komaliza. Ndi mitu iti imene munthu yemwe ali ndi kachilombo, kapena wom'samalira, akanaphunzitsa bwino kuposa inu? Mayankho mupereke kwa mlembi wa kalabu musanabalalike.