Oyilo Akamadontha Kuseri kwa Gudumu la Kutsogolo

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, misewu ya m'chigwa cha Domasi imadzaza matope. Galimoto zazing'ono zimathera pa msewu wa tala wa Zomba kupita ku Liwonde. Koma Land Rover imalowa mpaka kumidzi, chifukwa imakoka ndi magudumu onse anayi. Imanyamula odwala kupita nawo kuchipatala ku Zomba. Imanyamulanso mpunga wochokera kufupi ndi nyanja ya Chilwa.

Kodi inu ndinu dalaivala, kapena mumathandiza makanika? Phunziro ili ndi lanu. Mukaona oyilo akudontha kuseri kwa gudumu la kutsogolo, musati n'zazing'ono.

Bondo la galimoto

Land Rover yoyamba inapangidwa ku England mu 1948. Mtundu wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Tikamba za mtundu umenewu, koma galimoto zina zokoka ndi magudumu anayi zili ndi chipangizo chofanana.

Gwadani muyang'ane kuseri kwa gudumu la kutsogolo. Muona chitsulo chobulungira ngati mpira, chonyezimira. Mpirawo walowa m'chigoba cha chitsulo. Amakanika amatcha chigobachi swivel housing. Ife tingoti bondo la galimoto, poti ndi pamene gudumu limakhotera kumanja ndi kumanzere. M'kati mwa bondoli muli mfundo ya chitsulo imene imazunguza gudumu. Mfundoyi imasambira mu oyilo. Chimene chimatchinga oyiloyo kuti asatuluke ndi mkombero wa mphira umene umagwira mpira uja.

N'chifukwa chiyani oyilo amadontha?

Choyamba, mphira uja umakalamba ndi kuuma. Chachiwiri, mchenga ndi miyala zimakanda mpira, kenaka dzimbiri limaboola timaenje. Timaenjeto timadya mphira nthawi zonse mukakhota. Chachitatu, zitsulo zogwira bondo pamwamba ndi pansi zikatha, bondo limagwedera ndipo mphira sugwiranso bwino. Chachinayi, pamwamba pa ekiselo pali kabowo kopumira. Matope akakatseka, mpweya wotentha umasowa potulukira, ndiye umakankha oyilo.

Kuopsa kwake

Oyilo akatha, mfundo ija imayenda youma. Imayamba kulira pokhota, kenaka imathyoka. Komanso pamene oyilo akutulukira ndi pomwe madzi amalowera mukamawoloka mtsinje. Ndipo oyilo akafika pa mabuleki, galimoto siima bwino, imakokera mbali imodzi. Taganizani zimenezi zikuchitika usiku, mutanyamula mayi wapakati.

Zimene mungachite nokha

1. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka. Ikani miyala kumbuyo ndi kutsogolo kwa magudumu.

2. Tsukani bondo lonse ndi nsanza yonyowetsa ndi parafini. Mukayenda tsiku limodzi, yang'ananinso. Muona pamene oyilo akuchokera.

3. Pambali pa chigoba pali chotsekera. Chimasuleni ndi sipanala. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Ngati ndi wochepa, wonjezani oyilo wa EP 90. Bondo lililonse limalowa pafupifupi theka la lita.

4. Ngati oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Masulani chotsekera cha pansi, mukhetsere oyiloyo m'chitini, muthire watsopano. Musatayire oyilo wakale mumtsinje kapena m'munda.

5. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto. Yendetsani chikhadabo pa mpira uja. Kodi chikukodwa? Ngati inde, pali timaenje.

6. Kwezani gudumu ndi jeke. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Siliyenera kugogoda. Chenjerani: musalowe pansi pa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha.

7. Chotsani matope pa kabowo kopumira kaja.

Nthawi yopita kwa makanika

Kuwonjeza oyilo kumangokuthandizani kuti mukafike. Sikuchiza nthenda. Kusintha mphira ndi ntchito yaikulu, chifukwa amamasula bondo lonse pa ekiselo. Ngati simunaichitepo, pitani kwa makanika. Paja safunsa anadya phula.

Kumeneko funsani kuti, "Bambo, kodi mpirawu uli bwino?" Mphira watsopano pa mpira wa timaenje sukhalitsa. Mungotaya ndalama kawiri. Ena amathira girisi m'malo mwa oyilo. Ulipo girisi wamadzimadzi wopangira ntchito imeneyi. Koma girisi wamba wolimba amangomatirira m'mbali, mfundo n'kutsala youma.

Denga lodontha timafolera mvula isanagwe. Chitani chimodzimodzi ndi galimoto. Yang'anani mawondo onse awiri mwezi uliwonse, ndiponso mukawoloka madzi akuya.

Mafunso

1. Kodi bondo la galimoto limagwira ntchito yanji?
2. Tchulani zifukwa ziwiri zimene oyilo amadonthera.
3. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akutiuza chiyani?
4. Ngati bondo limodzi limalowa theka la lita, mawondo awiri alowa oyilo wochuluka bwanji?

Ntchito

Lembani m'kope lanu tsiku limene mwayang'ana oyilo, ndi zimene mwapeza. Mukawerengere anzanu m'kalasi.