INJINI IKAYAMBA KUTSIMPHINA: Kapezedwe ka Silinda Yodwala ndi Kayesedwe ka Mainjekita

Nyengo ya kukolola ikafika, galimoto yakale ya pamudzi ikhala ndi nchito yambiri. Inyamula matumba a cimanga, nshawa ndi soya kunka nawo ku misika ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo pobwerera itenga fataleza. Magalimoto ambiri a alimi anacokera ku Japan atayenda kale zaka zambiri, ndipo nthenda imene iwagwira kawiri-kawiri ndiyo kutsimphina kwa injini, kumene amakanika amati "kumisa". Alimi ambiri ataya ndarama pa nthenda imeneyi cifukwa ca kugula zitsulo mongoganizira: lero mapulagi, mawa pampu, mkuja mainjekita, koma injini osacira. Phunziro lathu ndi ili: musagule kanthu musanadziwe silinda imene yadwala ndi cimene silindayo ikusowa.

KODI KUTSIMPHINA NCIANI?

Injini za magalimoto ambiri ziri ndi masilinda 4. Kuti silinda igwire nchito isowa zinthu zinai: mpweya, mafuta, kuthinitsidwa kwa mpweya pamene pisitoni ikwera, ndi moto. M'injini ya petulo moto ucokera ku pulagi. M'injini ya dizilo mpweya uthinitsidwa kolimba mpaka utatentha, kotero kuti dizilo akapoperedwamo ayaka yekha. Kacitsulo kopopera mafutawo ndiko injekita, ndipo nchito yace ifanana ndi ya kamlomo ka pampu yopopera thonje: kayenera kuturutsa nkhungu yosalala, osati madontho.

Cimodzi mwa zinai zija cikasowa, silindayo ileka kukoka. Ziri ngati ng'ombe zinai zokoka pulawo, imodzi itafooka: zitatu zotsalazo zikoka pulawo pamodzi ndi inzao yomwe. Thirakitala ya Massey Ferguson 135, imene injini yace ya Perkins iri ndi masilinda 3 okha, ivutika koposa, pakuti yodwala ikhala imodzi mwa zitatu.

Zizindikiro zace ndi izi: injini igwedezeka galimoto iri ciimire, mphamvu icepa pa citunda, mafuta atha msanga, ku ekizozi kumveka kutsokomola ndi pfungo la mafuta osapsa. Musanene kuti, "Poti ikuyenda, iyende." Mafuta osapsa atsuka oilo m'mbali mwa silinda, natsikira pansi kukasungunula oilo yense, ndipo zitsulo ziyamba kudyana. Nthenda ya ndarama zocepa isanduka ya kuphwasula injini yonse.

COYAMBA: PEZANI SILINDA YODWALA

Gwirani nchito iyi pabwalo, popanda fodya kapena moto pafupi, ndipo malaya asalendewere ku fani ndi malamba. Lizani injini ifunde, muileke ilire pang'ono-pang'ono.

Pa injini ya petulo ya mainjekita, monga ya Toyota Corolla yakale, injekita iri yonse iri ndi kapulagi ka mawaya pamwamba pace. Zulani kapulagi ka silinda yoyamba, mumvetsere. Ngati injini ibwerera m'mbuyo ndi kugwedezeka koposa, silinda imeneyo iri bwino. Bwezerani kapulagiko, mupite pa yaciwiri. Mukafika pa silinda imene kuzula sikusintha kaliridwe konse, mwaipeza yodwala. Pa galimoto ya kabureta citani cimodzi-modzi pozula waya wa pulagi, koma ndi pulayala ya mphira, cifukwa magetsi ace aluma.

Pa injini ya dizilo ya pampu yakale, monga ya Hilux 2L, 3L ndi 5L, kapena ya thirakitala, masulani pang'ono nati ya paipi yolowa m'injekita, mutaphimba ndi nsanza yokhuthala. Dizilo aturukira pa natiyo m'malo molowa m'silinda. Injini ikabwerera m'mbuyo, silinda iri bwino. Mangani nati, mupite pa ina.

CENJEZO: Musayese konse njira iyi pa injini za dizilo za makono zoyendetsedwa ndi kompyuta, monga za Toyota zolembedwa D-4D. M'mapaipi ace mphamvu ya dizilo ipitirira 1,000 bar, ndipo ingathe kuvulaza munthu koopsa. Izo nza kugalaja.

Magalimoto ambiri a petulo opangidwa kuyambira 1996 ali ndi poika makina owerengera matenda. Makinawo akaonetsa P0301, yodwala ndi silinda yoyamba. P0302 ndi yaciwiri, ndi kunka mtsogolo motero. Koma nambalayo ingochula silinda basi, siichula citsulo cofunika kugula.

Ngati palibe silinda imodzi yodziwika, koma onse atsimphina mosinthana, musawanamizire mainjekita. Funani cinthu cimene cidyetsa masilinda onse: sefa ya mafuta yotsekeka, sefa ya mpweya yodzala pfumbi, pampu yofooka, madzi m'thanki, paipi ya mphira yong'ambika imene ikuba mpweya, kapena cipewa ca distributor cong'aluka.

CACIWIRI: FUNSANI PULAGI

Pa injini ya petulo yambani ndi moto, pakuti mapulagi ndi mawaya ndiwo amene afa kawiri-kawiri, ndipo mtengo wace ngwocepa. Masulani pulagi ya silinda yodwala, muyang'ane nsonga yace.

1. Yofiirira ngati dothi louma: silinda ikupsa bwino.
2. Yonyowa ndi petulo: mafuta akufika, koma moto palibe.
3. Yakuda ndi mwaye wouma: mafuta akucuruka, mwina injekita ikudontha.
4. Yoyera ndi youma: mafuta akucepa, mwina injekita yatsekeka.
5. Yamafuta-mafuta ndi oilo: maring'i kapena mphira za mavalavu zatha.

Tsono sinthanitsani. Ikani pulagi yokaikitsayo m'silinda yamoyo, ndi ya m'silinda yamoyo muiike m'yodwala, ndipo mubwerezenso kuyesa kuja. Nthenda ikasamuka pamodzi ndi pulagi, wolakwa ndi pulagi. Ikatsala pomwepo, citani comweco ndi waya, kapena koilo ngati silinda iri yonse iri ndi yace. Sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

CACITATU: YESANI INJEKITA YA PETULO

Moto ukapezeka kuti uli bwino, bwerani ku injekita.

Mvetserani. Tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muigunditse pa injekita, cigwiriro muciike ku khutu, injini ikulira. Injekita yamoyo imveka "ti-ti-ti" mosalekeza. Linganizani ndi zinzace. Ya cete ndiyo yokaikitsa.

Pimani. Zimani injini, zulani kapulagi, ndipo pimani ndi mita ya magetsi pa timano tiwiri ta injekita. Mainjekita ambiri aonetsa pakati pa 12 ndi 16 ohm, ndipo a mtundu wina wakale aonetsa pakati pa 2 ndi 5 ohm. Cacikuru ncakuti onse 4 afanane. Imene isiyana kutali ndi zinzace, kapena yosaonetsa kanthu, yapsa waya wa m'kati.

Onani ngati magetsi akufika. Amakanika ali ndi kanyali koyesera kamene aika pa kapulagi ka mawaya. Poliza injini kanyaliko kayenera kuphethira. Kakapanda kuphethira, injekita iribe mlandu. Funani waya woduka, pakuti makoswe a m'nkhokwe akonda kutafuna mawaya a galimoto yogona pafupi ndi cimanga.

Dziwani kuti injekita ingathe kulira bwino ndi kupimika bwino, komabe kamlomo kace kali kotsekeka ndi litsiro. Apa isinthanitseni ndi ya silinda ina monga munacitira ndi pulagi. Musanamasule, cotsani fyuzi ya pampu ya petulo, mulize injini mpaka izime yokha, kuti mphamvu ya m'paipi, imene ifika pa 3 bar, ithe. Pobwezera ikani timphira tatsopano, mutatidzoza oilo pang'ono, ndipo muonetsetse kuti palibe podontha musanayende. Injekita yotsekeka kawiri-kawiri icira poitsuka pa makina a kugalaja. Yopsa waya ifuna ina.

CACINAI: INJEKITA YA DIZILO

Utsi ukuuzani zambiri. Woyera wa pfungo la dizilo utanthauza kuti mafuta sakupsa. Wakuda utanthauza kuti mafuta acuruka kapena mpweya wacepa, cotero yambani mwaona sefa ya mpweya. Wobiriwira ndiwo oilo amene akupsa. Injekita yodontha icititsanso injini kugogoda ngati nyundo, ndipo ikalekereredwa ingathe kuboola pisitoni.

Injekita ya dizilo siyesedwa pamudzi. Masulani zonse, muzilembe manambala a masilinda ace, mutseke mapaipi kuti pfumbi lisalowe, ndipo muzitengere ku galaja imene iri ndi pampu yoyesera ya pamanja. Kumeneko aona zinthu zitatu: mphamvu imene injekita itsegukira, poilinganiza ndi buku la injiniyo, maonekedwe a nkhungu yace, ndiponso ngati idontha isanatseguke. Pemphani kuti muone ndi maso anu poyesapo. Musatokose kamlomo ndi singano kapena waya, cifukwa timabowo tace ntating'ono kwambiri, ndipo tikakula injekita yatha nchito. Pobwezera ikani mawashala atsopano a kopa, ndi kucotsa mpweya m'mapaipi.

Musaike dzanja pa nkhungu ya injekita ya dizilo. Iboola khungu ngati jekeseni. Bala lace lioneka laling'ono, koma munthu angathe kuduka cala kapena dzanja. Zikacitika, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo, muwauze kuti dizilo walowa m'thupi.

NGATI ZONSE ZIRI BWINO

Moto ulipo, mafuta akufika, koma silinda siikoka: catsala ndico kuthinitsidwa kwa mpweya. Makanika apime masilinda onse ndi geji yace. Ayenera kukhala pafupi-pafupi. Imodzi ikatsika kwambiri, ndiye kuti valavu yapsa, maring'i atha, kapena gasiketi ya kumutu yaphulika. Pa injini ya petulo, kuthira kasupuni ka oilo pa bowo la pulagi ndi kupimanso kusiyanitsa: geji ikakwera ndi maring'i, ikapanda kukwera ndi valavu kapena gasiketi. Citani izi musanagule mainjekita atsopano, pakuti iwo sangaciritse valavu yopsa.

KUPEWA

Adani a injekita ndi awiri: pfumbi ndi madzi. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa mseu aoneka otsika mtengo, koma simudziwa ngati asakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati musunga dizilo m'dramu, liikeni pamthunzi lotseka bwino, lilekeni likhazikike tsiku lathunthu musanatunge, ndipo musatunge za pansi peni-peni. Thirani ndi fanulo yoyera ya sefa. Cotsani madzi pansi pa sefa ya dizilo kawiri-kawiri, makamaka m'dzinja. M'miyezi ya pfumbi, kuyambira August mpaka October, yang'anani sefa ya mpweya sabata iri yonse.

KUMBUKIRANI

1. Pezani silinda yodwala musanagule citsulo ciri conse.
2. Yambani ndi pulagi ndi waya, injekita pambuyo.
3. Sinthanitsani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, muone ngati nthenda isamuka.
4. Injekita ya dizilo iyesedwa kugalaja, dzanja liri kutali.
5. Yesani galimoto yanu cimanga cikali m'munda, kuti tsiku la kumsika isakugonekeni pa mseu ndi matumba.