Pakhonde la Azakhali: Akuseka Nthabwala Kapena Mwendo?

Azakhali,

Ndimakhala ku Cóbuè. Mwendo wanga wamanzere unafota ndili mwana, ndiye ndimayendera ndodo. Panyanja sindilowa, ntchito yanga ndi kusoka chilimira pagombe. Ndikamasoka ndimakamba nthabwala, asodzi n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Pano andiitana kuti ndikaseketse anthu paukwati ku Metangula, pa maikolofoni penipeni. Amayi akukana kwamtuwagalu. Akuti anthu saseka nthabwala zanga, amaseka mwendo. Ndipite?

Wosoka chilimira, Cóbuè

Mwana wa achimwene,

M'kalata yonseyi mulibe nthabwala ngakhale imodzi, ndiye ndikhulupirire bwanji kuti umaseketsa? Asodzi ako ndimawadziwa. Munthu amene wachezera usiku wonse pabwato, wabwera ndi usipa wosadzaza ndi thandala limodzi lomwe, amaseka chilichonse. Ngakhale galu atayetsemula.

Koma tiye tinene kuti luso lilipo. Mlamu wangayo, mayi ako, usamunyoze. Anakubereka kumbuyo zaka zambiri kuposa anzako, ndipo anamva ndi makutu ake zimene anthu ankanong'ona pachitsime. Kuseka kumene akukuopera iye akukudziwa. Chimene sanaonepo ndi mwana wake atagwira maikolofoni, chikhamu chonse chili chete kudikira kuti iyeyo anene poti asekere.

Yesa chonchi. Mawa pagombe ukambe nthabwala zitatu zosatchula mwendo: ya mwini chilimira amene amawerenga nsomba ndi maso anayi, ya mwera umene umangoomba tsiku lobweza ngongole, ya mlendo wa ku Maputo amene anafunsa supuni pa kondowole. Akaseka, nyamuka. Akangoyang'ana ndodo kudikira kuti uigwetse, amayi ako akunena zoona, ndipo anzako enieni uyenera kuwafuna kwina.

Za mwendozo sindikukuletsa. Ndi wako, unaulipirira kale. Ukakwera pansanja anthu adzauyang'ana ndithu, ena mwachisoni chija chonyansa, ndiye uutchule msanga iwe mwini, aseke, apume, upitirire. Lee Ridley wa ku England satha kulankhula, nthabwala zake amazitulutsira pa makina, ndipo mu 2018 anapambana mpikisano wa Britain's Got Talent n'kutenga mapaundi 250,000. Anthu ankayamba ndi kuopa kuseka, iye n'kuwamasula ndi chiganizo choyamba. Koma ukadzaona kuti phwando lililonse ukugulitsa mwendo wokhawokha, dziwa kuti ulesi wakugwira. Zoseketsa zili mwa enawo: kondakitala wa chapa amene amafuna kulipiritsa ndodo yako mpando wake, mayi wopemphera amene amakuika manja pamsika usanamupemphe, masitepe a maofesi amene sanamve kuti mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo la ufulu wa anthu olumala. Lamulolo lidakali pamsewu wochokera ku Lichinga, likubwera pang'onopang'ono kuposa iwe.

Apa ndiye ndikukoke khutu. Chilolezo chako chimathera pa thupi lako. Wachibwibwi, wosamva, wakhunyu, mwana wachialubino, amenewo si ndiwo zako. Ukadzatsanzira mmodzi wa iwo paukwatipo ndidzakwera boti ndekha kudzakulanda ndodoyo. Akulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo kuno kwathu, kumene mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo anadula anthu miyendo ali kumunda, mwambiwu suchita kufuna womasulira. Pagulu lako padzakhala mkulu wina amene sanabadwe monga alili.

Usaganize kuti ndiwe woyamba ku Niassa kukwera nsanja ukutsimphina. Feliciano dos Santos wa gulu loimba la Massukos ku Lichinga anadwala poliyo ali mwana. Anasankha kuimba za zimbudzi ndi kusamba m'manja, nkhani zimene anthu aulemu wawo amachita nazo manyazi, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Goldman ku America. Munthu watchuka ndi chimbudzi, iwe ukuopa ukwati? Komanso mverako zakale za Izeki ndi Jakobo, oseketsa a ku Malawi, poti Likoma muli naye pamphuno. Chidwi chako chikhale pa mmene ankadikirana asanaponye mawu. Luso lagona pamenepo.

Chandikwiyitsa m'kalata yako ndi china. Sunatchule ndalama! Kuchoka ku Cóbuè kukafika ku Metangula si pafupi, ndipo eni ukwati amakonda kulipira oseketsa ndi mbale ya mpunga ndi mutu wa kampango. Munene mtengo mu metikali usananyamuke, theka alipiretu, thiransipoti ikhale yawo. Uwauzenso akuikire mpando pansanja, ndipo asakunyamule ngati thumba la chinangwa pokukweza. Ukwera wekha, nthawi yake ndi yako.

Amayi ako uwatenge. Uwakhazike kutsogolo, uyambe ndi nthabwala ya iwowo, ndipo pobwerera uwagulire kapulana. Ukalephera usadzanene kuti unatumidwa ndi ine.

Azakhali ako