Mlamu wandiphera injini ya Subaru, kodi alipire?

Azakhali,

Ndine bambo wapabanja, ndimakhala ku Lilongwe. Chaka chatha ndinaitanitsa Subaru Impreza WRX kuchokera ku Japan, ndipo ndinakaitenga ndekha ku Dar es Salaam. Ndi galimoto yomwe ndakhala ndikuilakalaka chiyambireni ntchito. Mwezi wathawu mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, anaibwereka popita kuchinkhoswe ku Mangochi. Pobwerera, akukwera Khwekhwerere, injini inayamba kugogoda, koma iye anapitiriza kuyendetsa mpaka inazima asanafike pa M1. Makaniko akuti injini yanoka, bearing ya con rod yapita, ndipo ndalama yomwe akutchula ndi yambiri zedi. Ine ndikuti mlamu alipire zonse poti galimoto ndinamupatsa ili bwinobwino. Iye akuti sanathamange. Akazi anga ali pakati, moti kunyumba sitikulankhulana bwino. Kodi ndikulakwa?

Wodandaula,
Lilongwe

Zikomo bambo,

Pepani ndithu. Kutaya chinthu chomwe mwachivutikira kumawawa, ndipo kukwiya kwanu ndikukumvetsa. Koma musanagamule mlandu wa mlamu wanu, mverani kaye zomwe injiniyo inganene, chifukwa bearing kawirikawiri sifa tsiku limodzi. Amene wagwira chiwongolero tsiku lomaliza si nthawi zonse amakhala kuti ndiye waipha.

Bearing ya con rod ndi tizitsulo tiwiri topindika tomwe timakhala pamene con rod imagwira crankshaft. Injini ikamayenda bwino, zitsulozi sizikhudzana konse. Pakati pake pamakhala kampata ka pafupifupi 0.03 mpaka 0.05 mm, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo mmenemo mumadzaza oyilo wopopedwa mwamphamvu. Mphamvu yonse ya pisitoni imatsamira pa oyilo wochepayo. Akangosowa, ngakhale kwa kamphindi, chitsulo chimakhula chinzake, bearing imatentha n'kuyamba kuperepeseka, mpata umakula, kenako mumamva kugogoda kuja.

Nanga oyiloyo amasowa bwanji? Chofala kwambiri n'choti amakhala atatsika mwini galimoto osadziwa. Injini ya WRX imalowa oyilo wokwana malita pafupifupi 4, ndipo injini za turbo zikamakalamba zimadya oyilo pang'onopang'ono. Galimoto yotere ikamakhota mwamphamvu pamsewu wokhotakhota ngati wa Khwekhwerere, oyilo wotsalayo amathamangira mbali imodzi ya sump, pampu n'kukoka mpweya m'malo mwa oyilo. Nyali ya oyilo ija musaidalire, imayaka mphamvu ya oyilo itatsikiratu, zinthu zitawonongeka kale. Pa injini zina za Subaru za mtundu wa EJ, kapaipi kokokera oyilo mu sump kamathanso kung'aluka, ndipo zikatero woyendetsa sangadziwe chilichonse mpaka phokoso litayamba.

China ndi oyilo wokhalitsa, wosayenera kapena wachinyengo. Oyilo akakhalitsa amasakanikirana ndi petulo ndi mwaye, n'kutha mphamvu. Kuponda moto m'mawa injini isanatenthe nakonso kumadya bearing mwakachetechete, chifukwa oyilo wozizira amachedwa kufika m'timipata tija. Musaiwalenso petulo. Ma WRX ogulitsidwa ku Japan anakonzedwa kuti azimwa petulo wa octane wokwera, amene kumeneko amayandikira 100. Akamwa wa octane wotsika, makamaka pokwera phiri turbo ikugwira ntchito, petulo amaphulika mosalongosoka mu silinda, ndipo kuphulikako kumamenya bearing yakumwamba mpaka kuitopetsa. Ngati wina anasinthapo kompyuta ya galimotoyo kuti izithamanga kwambiri, vutoli limakula.

Dziwaninso kuti nkhaniyi si ya inu nokha. Ku America, eni ma WRX ndi STI a zaka za pakati pa 2012 ndi 2017 anasumira kampani ya Subaru pa vuto la ma bearing lomweli, ndipo nkhaniyo inatha ndi mgwirizano wowonjezera nthawi yomwe kampaniyo imakonza injinizo mwaulere. Injini zamphamvu zimagwiritsa ntchito bearing zake mowirikiza, ndipo yanuyi inayendapo kale m'manja mwa munthu amene simukumudziwa. Choncho dzifunseni moona mtima: dipstick munaisolola liti komaliza? Oyilo munasintha liti, ndipo munathira wanji? Tsiku lomwe munapereka makiyi, munaona mulingo wake?

Apa sindikuyeretsa mlamu wanu. Pali chinthu chimodzi chomwe analakwitsa mosakayikitsa: kupitiriza ulendo injini ikugogoda. Akanazimitsa pomwepo n'kukuimbirani, mwina crankshaft ikanapulumuka. Kuyendetsabe n'kumene kumachititsa bearing kusungunuka n'kuzungulira m'malo mwake, con rod kupsa, zinyenyeswa kufalikira injini yonse, ndipo nthawi zina con rod imathyoka n'kubowola block. Ndiye kuti bili yakulayi ili ndi dzanja lake, ngakhale matendawo atakhala kuti sanawayambitse ndiye.

Chochita ndi ichi. Injiniyo isalizidwenso, ngakhale kuti mumve phokoso. Pezani makaniko amene anagwirapo injini za Subaru, chifukwa kuti ntchito ya ma bearing ichitike bwino pa injini imeneyi, imayenera kutsitsidwa ndipo block yake igawidwe pakati. Tsiku lotsegula mukhalepo nonse awiri, inu ndi mlamu wanu. Ayese kuchuluka kwa oyilo wotsala, adule fyuluta aone zinyenyeswa zonyezimira, aonenso kapaipi ka mu sump. Kenako ma bearing onse ayalidwe patebulo. Ngati onse aperepeseka, chingakhale chizindikiro choti vuto linayamba kalekale. Ngati odyeka kwambiri ndi akumwamba, ganizirani za petulo ndi kompyuta ija. Mizere yokandika imaloza ku litsiro la mu oyilo, pomwe kuda ndi kupsa kumaloza ku kusowa kwa oyilo.

Pokonza musalole zachidule. Crankshaft iyezedwe ndi micrometer. Ngati yangokandika pang'ono ikhoza kupalidwa, mwachitsanzo ndi 0.25 mm, n'kuikidwa ma bearing ogwirizana ndi muyezowo, koma ngati yapsa kapena yapindika, pafunika ina. Con rod yomwe bearing inazunguliramo isabwererenso. Oil cooler isinthidwe chifukwa imasunga zinyenyeswa zomwe sizichoka potsuka, njira zonse za oyilo zitsukidwe, pampu ndi turbo ziunikidwe. Mpata wa bearing iliyonse uyezedwe pomanga, ndipo mabawuti amangidwe ndi torque wrench, osati mongoyerekeza ndi dzanja. Wina akakuuzani kuti muthire oyilo wolimba kuti phokoso lithe, mukaneni. Mukasankha kugula injini ina yogwiritsidwa kale ntchito, nayonso itsegulidwe sump isanamangidwe. Ikadzayamba kuyenda, muzisolola dipstick nthawi iliyonse mukamathira petulo, muzisintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, ndipo muziyendetsa modekha mpaka injini itatentha.

Tsopano za kunyumba. Akazi anu sanayendetse galimotoyo, ndiye musawasandutse nthumwi yokatenga ngongole kwa mchimwene wawo. Auzeni lero lomwe kuti simukuwaimba mlandu, ndipo nkhani ya galimoto muikamba amuna nokhanokha. Makaniko akapereka umboni wake, khalani pansi ndi mlamu wanu. Ngati kudyeka n'kwakale, gawo lalikulu ndi lanu, iye athandizepo pa zomwe zinawonjezeka chifukwa chosaima. Ngati umboni ukuonetsa kuti injini inali yabwino ndipo inazunzidwa paulendowo, gawo lake likule, koma mumulole kulipira pang'onopang'ono. Zomwe mwagwirizana muzilembe. Mukalephera kumvana, itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyi.

Mlamu ameneyu ndi malume a ana anu, ndipo mudzakumana naye pamaliro ndi paukwati moyo wanu wonse. Muimbireni sabata ino, mugwirizane tsiku lopitira limodzi kugalaja.

Azakhali