Dziwani Ufulu Wanu: Kulembetsa Kampani ya Limited

Lamulo la makampani la 2013 limapatsa wamalonda aliyense m'Malawi, ngakhale ali yekha, ufulu wolembetsa kampani ya limited. Pamaso pa lamulo kampani yotereyi ndi munthu woima payekha, motero ikagwa m'ngongole, okongoza amagwira katundu wa kampaniyo, osati nyumba kapena munda wa mwiniwake, pokhapokha ngati iye anasainira kudzabweza ngongoleyo kapena anachita chinyengo.

Wolembetsa amapereka dzina la kampani, mayina a madailekitala, omwe ndi oiyendetsa, ndiponso a eni masheya, omwe ndi magawo a umwini. Kenaka kampani imatenga nambala ya msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA n'kutsegula akaunti yakeyake kubanki, kuti ndalama za bizinesi zisasakanikirane ndi zapakhomo.