Mzinga Wosadumphira M'mbuyo

Kale mzinga ukaomba, unkadumphira m'mbuyo ndi mawilo ake omwe. Asilikali ankavutika kuukankhira pamalo pake ndi kuulozetsanso, uku adani alikuyandikira.

M'chaka cha 1898 ankhondo a ku France anayamba kugwiritsa ntchito mzinga wina, wa bowo la mamilimita 75, ndiwo pafupifupi mainchesi 3. Kunsi kwa mpope wake anaikako chitsulo chokhala ndi mafuta ndi mpweya wopanikizika. Pakuomba, mpope wokha ndiwo unkabwerera m'mbuyo. Mafuta ankachepetsa mphamvuyo, mpweya nkubwezera mpopewo pamalo pake, mawilo osasuntha konse. Motero ankaomba zipolopolo 15 pa mphindi imodzi.

Pa nkhondo ya 1914 mizinga yotere inapha anthu ambirimbiri poyera, kufikira asilikali anakumba ngalande nabisalamo. M'menemo mzingawu unkalephera kuwapeza bwino, pakuti zipolopolo zake zinkapita molunjika, osagwa chochokera kumwamba.