PHUNZIRO LA PA CISUMBU CA MBUZI NDI ABULUZI

Werengani Genesis 1:24-25 ndi 2:15.

Abale okondedwa, malembo awa atiphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, zokwawa nazo anazilenga ndi Mulungu, ndipo anaziyesa zabwino. Caciwiri, munthu anaikidwa m'munda kuti agwiremo nchito ndi kuusunga. Ambiri a ife tidziwa kulima, koma kusunga tiiwala. Imvani tsono za cisumbu cina.

M'nyanja yaikuru ya Indian Ocean muli dziko la Mauritius, ndipo mamailosi 14 kumpoto kwace kuli kacisumbu kochedwa Round Island, ka maekala oposa 500. Kale kanali ndi nkhalango ya mitengo yonga migwalangwa, ndipo m'menemo munali abuluzi, analimata, afulu akuruakuru, ndi mitundu iwiri ya njoka zopanda ululu. Njoka zimenezi nzodabwitsa: fupa la nsagwada yao ya pamwamba ligawika pawiri ndipo lipindika, cinthu cosaoneka pa njoka zina zonse.

M'zaka za m'ma 1800 anthu anasiyapo mbuzi ndi akalulu. Sanafune coipa ai. Koma ziweto zija zinaswana popanda cozidya, nizidya mbande zonse zisanakule. Mitengo yakale inagwa popanda yolowa m'malo mwace, ndipo mvula inakokolola nthaka kumka nayo kunyanja, patsala thanthwe. Imodzi ya njoka zija inali yokhala pansi pa nthaka. Posowa nthaka inasowa pokhala. Anthu anaiona komaliza m'caka ca 1975, ndipo sinaonekenso.

Pamenepo akatswiri a zamoyo, pamodzi ndi Gerald Durrell wa ku Jersey, anayamba kuwerenga zotsalazo. Anazindikira kuti zonse zigwirana: abuluzi adya zipatso namwaza mbeu zace, njoka yotsala idya abuluzi, ndipo onsewo abisala m'mitengo. Cotero anacotsa mbuzi zonse pofika 1979, ndi akalulu mu 1986. Mbande zinaphukanso, abuluzi anacuruka, njoka nayo inacuruka. Popeza afulu a kumeneko anatha kalekale, mu 2007 anabweretsa afulu akuru a ku Aldabra kuti adye udzu ndi kumwaza mbeu monga anacitira akale aja.

Kodi tiphunzirapo ciani? Cisumbu ncacing'ono, ndipo zamoyo zace ziribe kothawira. Cifukwa cace cionongeko cioneka msanga. Koma ifenso tiri nazo zisumbu zathu. Taonani msitu wa kumanda, kapena mitengo yotsala pa kasupe: minda yaizinga ponseponse monga madzi azinga cisumbu. M'menemo athawiramo acule, abirimankhwe ndi abuluzi, amene adya tizirombo tambiri usana ndi usiku osalipidwa. Tikatenthapo moto, kapena kulekerera mbuzi zidye mbande, adzapita kuti?

Wina adzati, Abusa, buluzi ali ndi phindu lanji? Yankho ndi ili: wosunga katundu wa mfumu sataya cinthu cifukwa iye sadziwa nchito yace. Mwini wace adziwa. Onaninso kuti kulapa kuli ndi mphamvu, pakuti cisumbu cija cabiriwiranso; koma kulapa mocedwa sikubweza zonse, pakuti njoka ija palibe munthu angailengenso.

MAFUNSO A PA MSONKHANO
1. Kodi kulima kusiyana bwanji ndi kusunga?
2. Mbuzi zinapha bwanji njoka popanda kuiluma?
3. Chulani mitengo ndi zamoyo zimene agogo anu anaziona m'mudzi mwanu, koma inu simuziona.
4. Mpingo wanu ungasunge malo ati caka cino?

PEMPHERO
Atate, Mlengi wa zazikuru ndi zazing'ono, mutikhululukire pamene taononga mosaganiza. Mutipatse mtima wa kapolo wokhulupirika, kuti ana athu akapeze munda wanu uli wamoyo. M'dzina la Yesu Kristu, Amen.